Zoyamba, Zolemera ndi Zodula Koposa M'dziko la Inki ndi Pepala

Munthu akagula nyuzipepala m'mawa, diso lake limayamba lagwera pa chithunzi, kenako limalumphira pa mutu wa nkhani, ndipo pomaliza m'pamene limatsikira pa timalemba ting'onoting'ono. Diso silidziyendera lokha. Usiku wathawo pali wina amene anakhala pansi n'kugamula kuti chithunzi ichi chikule, mutu uwu ude bii, ndipo apa pasiyidwe poyera. Ntchito imeneyi ili ndi akadaulo ake komanso mbiri yaitali. Tasonkhanitsa pano zinthu zomwe zinaposa zinzake pa ukale, kukula, kulemera, kuchuluka ndi mtengo. Chilichonse mwa izo chili ndi phunziro lake la mmene tsamba labwino limapangidwira.

Buku losindikizidwa lakale koposa lomwe lili ndi deti

Kusindikiza sikunayambire ku Ulaya monga ambiri amaganizira. Buku lakale kwambiri losindikizidwa lomwe limatchula tsiku limene linapangidwa ndi Diamond Sutra, malemba a chipembedzo cha Chibuda a m'Chitchaina. Tsiku lomwe lili kumapeto kwake, tikaliwerengera pa kalendala yathu, ndi 11 Meyi 868, ndipo pomwepo pali dzina la Wang Jie, amene anakonzetsa ntchitoyo polemekeza makolo ake. Ndi mpukutu wa mapepala 7 olumikizidwa, wotalika mamita oposa 5. Mmisiri ankagoba tsamba lonse pathabwa, zilembo zili chotembenuka, n'kulipaka inki, kenako n'kukanikizapo pepala. Mpukutuwu unakhala zaka mazanamazana m'phanga lotsekedwa ku Dunhuang m'dziko la China. Aurel Stein anautenga kumeneko mu 1907, ndipo lero uli ku British Library mumzinda wa London.

Munthu akaufunyulula, choyamba kuona si mawu ayi, koma chithunzi: Buddha atakhala pakati pa omutsatira, akuphunzitsa wophunzira wake wokalamba yemwe wagwada patsogolo pake. Mizere yake ndi yosalala moti n'zoonekeratu kuti amisiriwo anali ataizolowera kale ntchitoyi. Choncho mwambo woti chithunzi chitsogole, mawu atsatire, wakhalapo kwa zaka zoposa 1,100.

Buku loyamba la zilembo zachitsulo

Mwa mabuku onse omwe alipobe osindikizidwa ndi zilembo zachitsulo zosanjidwa chimodzichimodzi, lakale koposa ndi la ku Korea. Dzina lake ndi Jikji, ndipo linasindikizidwa pa kachisi wa Heungdeok ku Cheongju mu 1377, kutatsala zaka 78 kuti Baibulo la Johannes Gutenberg lituluke ku Mainz cha m'ma 1455. Gawo lachiwiri lokha ndilo linapulumuka, ndipo likusungidwa ku Paris.

Komabe Gutenberg ndi amene anaika muyezo umene osindikiza akuuthamangirabe. Tsamba analigawa m'madanga awiri a mizere 42. Pofuna kuti mizere yonse izithera pamodzi kumanja popanda mipata yonyansa pakati pa mawu, sanakhutire ndi alifabeti imodzi. Anasula zilembo ndi zizindikiro zosiyanasiyana pafupifupi 290, zina zonenepa, zina zowonda, zina ziwiri zomatana, kuti wosanja azitola yokwana pamalopo. M'mphepete mwa tsamba anasiyamo malo aakulu oyera, ndipo poyambira chaputala ankasiya mpata woti wogula akajambulitsepo pamanja chilembo chachikulu chamitundu. N'chifukwa chake palibe makope awiri ofanana ndendende. Anasindikiza makope pafupifupi 180, ena papepala ena pachikopa, ndipo 49 alipobe, ngakhale ambiri ndi operewera masamba. Inki yake ikadali yakuda bii mpaka lero.

Buku losindikizidwa lodula koposa

Mu Novembala 2013, pa okushoni ya Sotheby's ku New York, David Rubenstein analipira madola 14.2 miliyoni pogula kabuku ka Masalimo kotchedwa Bay Psalm Book. Kameneka ndi kabuku koyamba kusindikizidwa m'madera a America omwe anali m'manja mwa Britain, ndipo kanatuluka mu 1640 ku Cambridge, Massachusetts. Mwa makope pafupifupi 1,700 omwe anasindikizidwa, 11 okha ndi omwe atsala.

Koma wosindikiza wa lero atapatsidwa kabukuka kuti akaunike, sangakavomere. Stephen Daye, amene anagwira ntchitoyo, luso lake lenileni linali lokonza maloko. Inki pena inachuluka pena inachepa, zolakwika zili mbwee, ndipo ngakhale mawu oti salimo omwe ali pamwamba pa masamba akumanzere analembedwa mosiyana ndi a masamba akumanja. Mtengo wake ukuchokera ku mbiri yake ndi kusowa kwake basi. Kudula ndi kukongola sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Mbalame zazikulu koposa zimene zinalowa m'buku

Wofuna kukongola apite kwa John James Audubon. Buku lake, The Birds of America, linatuluka pang'onopang'ono kuyambira 1827 mpaka 1838, ndipo lili ndi zithunzi 435. Audubon anakanitsitsa kuchepetsa mbalame. Ankafuna kuti iliyonse ioneke pa msinkhu wake weniweni, choncho anasankha pepala lalikulu kwambiri, la masentimita pafupifupi 99 m'litali ndi 66 m'lifupi. Robert Havell wa ku London ankagoba zithunzizo pa zitsulo zamkuwa, ndipo zikadindidwa, gulu la amisiri linkapaka mitundu pamanja, tsamba ndi tsamba.

Ngakhale pepala limenelo linachepa kwa mbalame zina. Taonani chithunzi cha flamingo: thupi lofiira psuu lili pamwamba, miyendo italiitali yatsika mpaka pansi pa tsamba, ndipo khosi lapindikira pansi, mutu n'kufika pafupi ndi mapazi monga imachitira ikamadya m'madzi. Audubon anaiweramitsa chonchi kuti ikwane papepala, koma kuwerama komweko ndi kumene kumachipatsa moyo chithunzicho. Mmisiri weniweni sadandaula ndi kuchepa kwa malo, amakusandutsa luso. Kope limodzi la bukuli linagulidwa mapaundi 7.3 miliyoni ku London mu Disembala 2010.

Nyuzipepala zakale koposa

Nyuzipepala yoyamba kusindikizidwa inatuluka ku Strasbourg mu 1605, ndipo mwini wake anali Johann Carolus. Inkaoneka ngati kabuku: danga limodzi, popanda mitu ikuluikulu, popanda zithunzi. Yakale koposa mwa zomwe zidakalipo ndi Post- och Inrikes Tidningar ya ku Sweden, imene inayamba mu 1645, koma kuyambira 2007 imangotuluka pa intaneti. Nayo Wiener Zeitung ya ku Austria, yomwe inayamba mu 1703, inasiya kutuluka papepala tsiku ndi tsiku pa 30 Juni 2023. Kuno kwathu ku Malaŵi, nyuzipepala yakale koposa ndi The Daily Times, imene inayamba mu 1895 ndi dzina loti Central African Planter, n'kudzakhala Central African Times, kenako Nyasaland Times.

Tsamba loyamba monga tikulidziwira lero linachedwa kubadwa. The Times ya ku London inkadzaza tsamba lake loyamba ndi tizilengezo ndi timalonda, monga za maliro, maukwati ndi nyumba za lendi, mpaka pa 3 Meyi 1966 pamene nkhani zinakhazikika patsambalo. Nayo The New York Times inadikira mpaka pa 16 Okutobala 1997 kuti iike chithunzi chamitundu patsamba loyamba.

Chithunzi choyamba cha kamera m'nyuzipepala

Buku loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala linapangidwa ndi mayi, Anna Atkins, mu 1843, ndipo sanagwiritse ntchito kamera. Ankatenga zomera za m'nyanja n'kuzigoneka papepala lopakidwa mankhwala, kenako n'kuliyanika padzuwa. Akalitsuka, pepala linkasanduka labuluu, chomera n'kutsala choyera mbee, kamtsitsi kalikonse kakuoneka.

Koma nyuzipepala zinavutika zaka zambiri kusindikiza zithunzi za kamera, chifukwa makina osindikizira amangodziwa zinthu ziwiri: pali inki kapena palibe. Sadziwa zotuwa. Pamene magazini ya L'Illustration inatulutsa chithunzi cha misewu yotsekedwa pa zipolowe za ku Paris mu Julayi 1848, mmisiri anachita kuchikopera pochigoba pamanja. Njira yeniyeni inapezeka anthu ataphunzira kugawa chithunzi m'timadontho. Pa 30 Okutobala 1869, Canadian Illustrated News inasindikiza mwa njira imeneyi chithunzi cha Prince Arthur chomwe anajambula William Notman, ndipo pa 4 Malichi 1880 Daily Graphic ya ku New York inatulutsa chithunzi cha zisakasa za anthu osauka mumzindawo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani nyuzipepala iliyonse, muyang'anitsitse nkhope ya munthu ndi galasi lokulitsa zinthu. Mupeza kuti nkhope palibe, pali timadontho tokhatokha: pamene pali mthunzi timadontho ndi tikulutikulu tokhudzana, pamene pali kuwala ndi ting'onoting'ono totalikirana. Diso ndi limene limatisakaniza. Pa zithunzi zamitundu, pepala limadindidwa kanayi, ndi inki yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Imodzi ikangophonya malo ake pang'ono, munthu wa pachithunzi amatuluka ndi maso anayi, ndipo owerenga amadziwiratu kuti kumakina kunali kuthamanga.

Zilembo zofala koposa

Aliyense amene analembapo kalata yofunsira ntchito pakompyuta, kapena wophunzira wa kukoleji amene anauzidwapo kuti alembe ndi sayizi 12, amaidziwa Times New Roman. Zilembozi zinabadwa chifukwa cha chidzudzulo. Stanley Morison anadzudzula The Times kuti inkasindikizidwa moipa ndiponso mwachikale, ndipo eni nyuzipepalayo anamuuza kuti akonze yekha. Iye anatsogolera ntchitoyo, Victor Lardent n'kujambula zilembozo, ndipo zinaonekera koyamba pa 3 Okutobala 1932. Zinapangidwa zowonderapo kuti mawu ambiri akwane m'danga lopapatiza, koma zazitali mokwanira kuti zisatopetse maso. The Times inazigwiritsa ntchito zaka 40, kenako makompyuta anazifalitsa dziko lonse.

Mnzake pa kutchuka ndi Helvetica, imene Max Miedinger ndi Eduard Hoffmann anakonza ku Switzerland mu 1957. Iyi ilibe timichira tokongoletsa kumapeto kwa zilembo, ndipo n'chifukwa chake imakondedwa pa zikwangwani, pa mayina a makampani ndi pa mitu ya nkhani.

Zilembo zanzeru koposa

Ulemu uwu tikuupereka kwa Matthew Carter, amene mu 1978 anatulutsa zilembo zotchedwa Bell Centennial zosindikizira mabuku a manambala a foni ku America. Vuto linali lalikulu: timalemba ting'onoting'ono, pepala lotchipa lomwe limamwa inki, ndi makina othamanga. Inki inkayenderera n'kutseka makona a zilembo, moti 3 ndi 8 zinkavuta kusiyanitsa. Carter sanalimbane ndi inkiyo. Pa malo alionse pamene mizere iwiri ya chilembo imakumana, anadulapo kampata. Mukazikulitsa zilembozi pakompyuta, zimaoneka zobenthukabenthuka ngati zolakwika. Koma zikafika papepala lomwe anazikonzera, inki imayenderera n'kudzaza timipatato, chilembo n'kutuluka chathunthu. Anajambula poganizira pepala, inki ndi munthu amene akufufuza nambala mofulumira, osati poganizira kuyamikiridwa.

Zilembo zimene zinamizidwa mumtsinje

Palibe zilembo zomwe zinakanganitsa anthu kuposa za Doves Press, kampani yaing'ono yosindikiza mabuku yomwe T. J. Cobden-Sanderson ndi Emery Walker anayambitsa ku London mu 1900. Ndi zilembo zimenezi anasindikiza Baibulo lomwe akatswiri amaliika m'gulu la mabuku okongola koposa a nthawi imeneyo. Awiriwa atayambana, anagwirizana kuti Cobden-Sanderson akadzamwalira, zilembozo zidzapite kwa Walker. Koma mkuluyo sanafune kuti munthu wina adzazigwiritse ntchito. Kuyambira mu 1916 mpaka kumayambiriro kwa 1917, ali ndi zaka 76, ankapita usiku pa mlatho wa Hammersmith atanyamula mitokoma ya zitsulo n'kumaiponya mumtsinje wa Thames. Anayenda maulendo pafupifupi 170 ndipo anamiza zitsulo zolemera kuposa tani imodzi. Mu 2014, Robert Green, amene ankakonzanso zilembozi kuti zizigwira pakompyuta, anapita pamalopo ndi akatswiri omira m'madzi, ndipo anavuula zilembo pafupifupi 150 m'matope.

Chilembo chovutitsa koposa kwathu kuno

Kwa wosindikiza Chichewa, chilembo chimene chakhala chikusautsa ndi ŵ, chimene timachiona m'dzina la Malaŵi likalembedwa mokwanira. Mataipi akale analibe chilembochi, ndipo mitundu yambiri ya zilembo za pakompyuta inapangidwa popanda kuchiganizira. Zotsatira zake timaziona: pena pamatuluka kabokosi, pena chilembocho chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake chifukwa kompyuta yachibwereka ku mtundu wina. Mwayi ndi wakuti chinenero cha ku Wales nacho chili ndi chilembochi, choncho mitundu yabwino ya zilembo imakhala nacho.

Vuto lachiwiri ndi kutalika kwa mawu athu. Mawu ngati "sindinakakuuzeni" kapena "ankangoyembekezerabe" akalowa m'danga lopapatiza lomwe linayezedwa poganizira Chingerezi, mzere umatsala ndi mawu awiri okha, pakati pali dambo. Limeneli ndi vuto lomwe Gutenberg analimbana nalo, ndipo mankhwala ake ndi odziwika: kukulitsa danga, kudula mawu motsata maphatikizo ake, kapena kusiya mbali ya kumanja yosafanana.

Zolemera ndi zochuluka koposa

Mu Sepitembala 1987, The New York Times ya Lamulungu lina inatuluka ndi masamba 1,612 ndipo inkalemera makilogalamu 5.4, kuposa mapaketi asanu a shuga. Magazini ya Vogue ya ku America inafika masamba 916 mu Sepitembala 2012, ambiri mwa iwo a otsatsa malonda. Buku la zithunzi za Helmut Newton lotchedwa SUMO, lomwe kampani ya Taschen inatulutsa mu 1999, linali la masamba 464, lolemera makilogalamu pafupifupi 30, moti linkagulitsidwa pamodzi ndi katebulo kake koikapo. Mbali inayi, kampani ya Toppan ya ku Japan inaonetsa mu 2013 kabuku ka maluwa ka masamba 22 kosakwana milimita imodzi, kosatheka kuwerenga ndi maso okha.

Pa kuchuluka kwa makope, Yomiuri Shimbun ya ku Japan inkagulitsa makope oposa 10 miliyoni m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Buku la malonda la kampani ya IKEA linafika makope 200 miliyoni mu 2016, m'zinenero 32, lisanathetsedwe. Pamene kampaniyi inasintha zilembo za m'bukulo mu 2009, kusiya Futura n'kutenga Verdana, anthu ambiri anadandaula poyera, umboni woti owerenga amaziona zilembo ngakhale asazitchule mayina. Pa magazini, Nsanja ya Olonda, yomwe imapezekanso m'Chichewa, cha m'ma 2012 inkasindikizidwa makope oposa 40 miliyoni pa kutuluka kulikonse, m'zinenero pafupifupi 200.

Chithunzi chodula koposa, ndi chithunzi champhamvu koposa

Mu Meyi 2022, pa okushoni ya Christie's ku New York, chithunzi cha Man Ray chotchedwa Le Violon d'Ingres chinagulidwa madola 12.4 miliyoni, mtengo umene chithunzi cha kamera chinali chisanafikepo pa okushoni. Chimaonetsa msana wa mkazi wokhala ndi zizindikiro ziwiri zonga timabowo ta pa vayolini. Nacho chinayambira papepala, m'magazini ya Littérature ku Paris mu 1924.

Koma tikamanena za mphamvu, ife tikuloza ku Soweto. Pa 16 Juni 1976, apolisi atayamba kuwombera ana asukulu, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula Mbuyisa Makhubu akuthamanga atanyamula Hector Pieterson, mmodzi wa ana owomberedwawo, mlongo wake wa Hector, Antoinette, akuthamanga pambali atakweza dzanja, akulira. Nzima anadziwa kuti apolisi amulanda kamera, choncho anachotsa filimuyo n'kuibisa m'sokosi. The World inachisindikiza, ndipo posakhalitsa chinali m'nyuzipepala za m'mayiko ambiri. Chithunzichi sichifuna womasulira: anthu atatu akubwera molunjika kwa woyang'ana, ndipo palibe kothawira maso. Dziko linaona tsankho la ku South Africa mmene linalili.

Mwini wake sanalemere nacho. Apolisi anamusautsa mpaka anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi kwawo ku Lillydale. Boma linatseka The World mu 1977. Umwini wa chithunzi chakecho anaupeza mu 1998, patadutsa zaka 22, ndipo anamwalira mu 2018.

Masamba olankhula koposa opanda chithunzi

Pa 14 Novembala 2013, nyuzipepala ya Libération ya ku France inatuluka yopanda chithunzi n'chimodzi chomwe pa nkhani zake. Pamalo a zithunzi panali mabokosi oyera, nkhani zitawazungulira monga mwa masiku onse. Akonzi ankafuna kuonetsa kufunika kwa ojambula zithunzi pa nthawi imene ambiri ankachotsedwa ntchito. Chaka chomwecho, Chicago Sun-Times inali itachotsa ojambula ake onse 28. Owerenga anadzionera okha kuti nyuzipepala yopanda zithunzi imakhala yosalankhula.

Pa 24 Meyi 2020, The New York Times inachita zosiyana, koma mwa nzeru yomweyo. Pamene chiwerengero cha omwalira ndi Covid-19 ku America chinkayandikira 100,000, tsamba loyamba linadzaza ndi mayina okhaokha, kuchokera pamwamba mpaka pansi: dzina, zaka, kwawo, ndi mawu ochepa onena za moyo wa munthuyo. Mayinawo anali 1,000, ndipo anapitirira mpaka m'masamba a m'kati. Chithunzi cha munthu mmodzi chikanabisa enawo. Apa zilembo zokha zinasenza maliro onse.

Chigamulo chathu

Mabuku olemera ndi odula amadabwitsa, koma si amene ayenera kutichititsa kaduka. Zoyenera kusirira ndi malo oyera amene Gutenberg anasiya m'mphepete mwa tsamba, timipata timene Carter anadula m'zilembo zake, ndi kulimba mtima kwa Nzima. Onsewa ankaganizira munthu amene adzagwire pepalalo m'manja, ndipo zimenezi sizifuna makina a mamiliyoni.

Choncho inu akonzi, osanja masamba ndi eni makina osindikizira, kaya mukukonza nyuzipepala, buku la ana asukulu kapena pulogalamu ya ukwati: musafinye nkhani za Chichewa m'timalemba tosawerengeka, sankhani zilembo zomwe zili ndi ŵ, lipatseni tsamba malo opumira, ndipo musatambasule chithunzi mpaka nkhope ya munthu kupotoka. Koposa zonse, lembani dzina la wojambula pansi pa chithunzi chake, ndipo mumulipire pa nthawi yake.